Makadi a ukwati aja

Lachinayi usiku. Tulo sitikubwera, ndiye ndangoti ndilembe.

Masana kunabwera amayi ena a kumpingo kwathu kudzaona makadi oitanira anthu ku ukwati wa mwana wawo. Akufuna 150. Ndinawayalira pamkeka zitsanzo za makadi a mapepala omwe ndimapanga ndi manja: lofiirira la thunthu la nthochi, ndi loyera la mapepala akale a muofesi lomwe ndinawazamo timaluwa touma. Analitenga la nthochi, kulisisita ndi chala, kulinunkhiza, kulikweza kuwala kuti aone luzi lake. Analikonda, nkhope inaonetsa. Nditangotchula mtengo analibweza pamkeka.

"Iii mwana wanga, kodi si zinyalala izi? Thunthu la nthochi mumachita kugula? Ku Limbe osindikiza andiuza theka la mtengo umenewu, zonyezimira bwinobwino."

Ine ndinangoti, "Zoona amayi, thunthu sindigula." Mawu anathera pomwepo. Ndi zimene zikundiwawa mpaka pano.

Ndikanawauza. Thunthulo ndimalisenza kuchokera kudimba mkoko ukadulidwa, lolemera ndi madzi okhaokha. Ndimalisenda, kuliduladula tizidutswa ngati chala, n'kuliwiritsa maola atatu mu chidulo, chomwe chija agogo ankaphikira therere, pakuti madzi a phulusa ndiwo amafewetsa luzi. Nkhuni zake ndimagula. Kenako kutsuka mpaka madzi ayere, kusinja mumtondo mpaka lisanduke phala, mapewa kuchita kuyaka. Ndiye pabeseni: kumiza sefa, kuivuula osaipendeketsa, kuigwedeza pang'ono kuti luzi lilukane. Dzanja likapendekeka, mbali ina imakhuthala, ina imabooka, wayambiranso. Pepala limodzi limodzi, kulikhuthulira pansalu, kupsinja ndi matabwa ndi njerwa, kuyanika. Ndipo ndi chiperoni cha sabata ino, mapepala omwe ndinayanika Lolemba akadali a chinyezi, awiri ayamba nkhungu m'mbali.

Zonsezi zinali pakamwa, koma munthu wamkulu sumuwerengera mavuto ako ngati ukumulipiritsa ngongole.

Sindikuwadandaula kwenikweni. Ukwati umadya ndalama, ndikudziwa. Chimene chikundisautsa n'choti ntchito imeneyi ikuoneka ngati ogula ake ndi alendo okha. A PAMET, bungwe lophunzitsa kupanga mapepala kuno ku Blantyre, akhala akupanga mapepala a pamanja kwa zaka zambiri, ena mpaka a ndowe za njovu, poti njovu sigaya bwino udzu ndi makungwa zomwe imadya, luzi limatuluka litasinjika kale. Mlendo akamva zimenezo amaseka, n'kugula makadi khumi opita nawo kwawo. Ife eni ake tikamva kuti ndi nthochi timati zinyalala. Chonsecho dengu ndi mkeka timagula osafunsa ngati nsungwi ndi mlaza zinagulidwa.

Ndakumbukanso chimwemwe chomwe ndinali nacho boma litaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makamaka khoti lalikulu la apilo litagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo. Ndinati basi, timatumba ta pepala tapeza msika. Ndinamata tokwanira dengu lonse. Koma wogulitsa tomato sangagule kathumba koposa mtengo wa mulu wake. Timatumbato tinakathera m'mashopu a ziboliboli, kukulungira ndolo ndi mikanda. Pepala la pamanja silingapikisane ndi la makina pa mtengo, ndinavomereza kalekale. Malo ake ndi khadi, envulopu, chikuto cha buku, zinthu zomwe munthu amasunga m'sutikesi zaka n'zaka. Ndiye ngati pa ukwati pomwe silikulowa, lilowa pati?

Potuluka, amayi aja anaima pakhomo, n'kubwerera kudzatenga chitsanzo chija. "Ndikawaonetse bambo kunyumba, ndikuimbirani." Anachiika m'Baibulo kuti chisapindike.

Mwina ndikanatsitsako pang'ono. Ndawerengera kawiri pakapepala, ndikatsitsa ndigwira ntchito ya masabata awiri yobweza nkhuni ndi inki basi. Tizidutswa ta nthochi ndaviika kale mumgolo kuseri. Kaya mawa ndisonkhe moto, kaya ndidikire foni.