Khofi wabwino m'tauni ya Blantyre mpaka thukuta

Ndakhala pansi tsopano, kapu ya khofi ili patsogolo, miyendo ikupuma. Anzanga, kupeza malo abwino omwera khofi pakati pa tauni ya Blantyre si masewera. Ndazungulira Victoria Avenue dzuwa likuswa mtengo. Pena wailesi ikulira ngati pa ukwati, pena mipando yake ndi yoti ukangokhala pang'ono msana uyamba kudandaula, pena akukubweretsera madzi otentha ndi kapaketi ka khofi waufa kuti usungunule wekha. Ndiye mtengo wakewo!

Mapeto ake ndatulukira kuno ku Mandala House, nyumba yakale ija ya 1882. Pakhonde pali mthunzi, kamphepo kakuwomba, phokoso la maminibasi likumvekera patali, ndipo palibe amene akukuyang'ana ndi diso loti nyamuka ena akhalepo.

Chondiwawa n'chakuti khofi timalima tokha, ku Misuku, ku Mzuzu, ku Thyolo komweku, koma kuti umwe wofululidwa bwino m'tauni mwathu mpaka uchite kusakasaka. Amene mukudziwa malo ena abata, okhala ndi pochajira foni, tandiuzani, Loweruka ndili m'tauni.