Mfuti yobedwa m'basi ya ku Tokyo

Inu amene mumati filimu yopanda mitundu ndi ya agogo, pezani Stray Dog, filimu ya ku Japan ya Akira Kurosawa, ya mu 1949, muionere kaye, kenako tidzatsutsane bwino.

Nkhani yake ndi yosavuta. Wapolisi wachinyamata Murakami, yemwe akuseweredwa ndi Toshiro Mifune, amubera mfuti m'basi yodzaza ku Tokyo, dzuwa likuswa mtengo. Mfutiyo ikayamba kuvulaza ndi kupha anthu, iye amaona ngati chipolopolo chilichonse ndi mlandu wake.

Ine chimene chimandikoka kwambiri ndi mzindawo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali itatha mu 1945, Japan ili m'manja mwa asilikali a America, mpunga ukugulidwa ndi khadi la boma. Mufilimumu zigawenga zimabwereketsa mfuti, chikole chake n'kukhala khadi la mpunga lomwelo! Zithunzi zambiri za m'misika ya katangale anakajambula m'misika yeniyeni ndi Ishiro Honda, yemwe uja anadzapanga filimu ya Godzilla mu 1954. Gawo limeneli ndi lalitali, ena amatopa nalo, koma musalidumphe.

Ndiye pali wakuphayo, Yusa. Iyeyu, monganso Murakami, ndi msilikali wobwera kunkhondo, ndipo onse awiri anaberedwa chikwama pobwerera kwawo. Wina analowa upolisi, wina umbava. Wapolisi wamkulu Sato, yemwe ndi Takashi Shimura, safuna n'komwe kumva za kuchitira chifundo mbava, ndipo pamenepa ine sindigwirizana naye kwenikweni.

Mukamaliza, pitani pa High and Low, filimu inanso ya Kurosawa, ya mu 1963.