Thobwa la azakhali ku Katete

Ndinadutsa pachipata cha Mchinji ndi Mwami Lachitatu m'mawa, m'chikwama muli shuga wa azakhali. Ku Chipata sindinakhalitse. Ndinangogula nthochi pamsika wa Kapata n'kukwera minibasi ya ku Katete mumsewu wa Great East. Unali mwezi wa Ogasiti, fumbi lili koboo, ndipo nkhani m'galimotomo inali ya Kulamba basi, mwambo umene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi. Nanenso ndinanyamukira zomwezo. Koma chimene chandikhala mumtima ndi mbiya ya azakhali.

Ndinawapeza akuanula chimera pamkeka. Mawere aja anali atawaviika m'madzi, n'kuwafunditsa masaka onyowa mpaka atamera timizu toyera ngati ulusi, kenako n'kuwaumitsa padzuwa. Madzulo omwewo tinasinja.

M'mawa mwake tambala asanatsike, phala la mgaiwa linali likubwata mumphika waukulu. Litapsa anaphula, ine n'kutola lichero la chimera kuti ndithire.

"Iwe mwana wa achimwene, ukuthamangira kuti? Pisa chala kaye."

Ndinapisa, n'kuchotsa msangamsanga.

"Waona? Likatentha choncho chimera chimafa. Likazizira kwambiri chimagona. Dikira lifunde ngati madzi osambitsira khanda."

Tinadikira, azakhali akutakasa pang'onopang'ono. Nthawi itakwana anathira chimera, ndipo apa m'pamene ndinangoti kukamwa yasa. Phala lija linali lolimba, mthiko ukuchita kuima wokha, koma posakhalitsa linayamba kusungunuka maso anga akuona, mpaka kusanduka lamadzimadzi. Chimera ndicho chimaswa ufa n'kuusandutsa wotsekemera. Ndinalawa ndi chipande: linali tseketseke, chonsecho shuga wanga uja anali asanatsegulidwe n'komwe. Azakhali anati ameneyo ndi wa tiyi, m'thobwa lawo salowamo. Ndikugwirizana nawo. Thobwa la m'mabotolo limene timagula m'tauni nthawi zambiri limangomveka shuga, fungo la mawere osamveka.

Linagona usiku umodzi, mawa lake analiwiritsanso n'kulithira mumbiya. Anandiuza kuti ukalisiya masiku angapo limasasa n'kuyamba ukali, ulendo wopita ku masese, n'chifukwa chake la ana ndi alendo salichedwetsa.

Nthochi za ku Kapata zija zinali zitada makoko m'chikwama, koma sizinatayidwe. Anazikanya ndi mgaiwa, soda ndi kamchere, n'kuthira mumpoto wopaka mafuta. Uvuni kulibe, komanso sufunika: makala pang'ono pansi, ambiri pamwamba pa chivundikiro. Anabaya pakati ndi kamtengo, katatuluka kouma anati chigumu chapsa. M'mbali munali mwakhirikhiri, m'kati mofewa. Tinadyera pakhonde, chikho cha thobwa chikuzungulira, timisere ta mawere tikukhala pansi pa lilime.

Loweruka ku Mkaika tinaona Gule Wamkulu ndi anamwali, khamu losaneneka, ndipo thobwa lathu la m'chigubu linatha dzuwa lisanafike paliwombo.

Potsanzikana, azakhali anandimangira chimera m'kansalu. "Ukaphika ukandiimbire, undiuze mmene chala chamvera."

Pano ndili ku Lilongwe, phala lili pambali pa mbaula likufunda. Ndapisa kawiri, likadali lotentha.