Mbale ya anganga idakali pamwamba pa kabati

Lachinayi usiku, pakhonde, udzudzu ukundidya mapazi.

Mbale ya anganga, gogo wa nyumba yoyandikana nafe, ndaitsuka kawiri, yauma kalekale, koma miyendo ikukana kuti ndikaibweze. Ndi yachitsulo ija ya maluwa ofiira m'mbali, yovundikira ndi inzake. Inabwera masana ano muli chigwada, ndipo chigwadacho ndicho chandisowetsa tulo.

Ndiyambe ndi mwana. Achemwali anga a ku Lilongwe anandisiyira mtsikana wawo wa zaka 8 kuti adzakhale nafe sabata ziwiri za holide. Mwanayu zimamuwenga zinthu ziwiri: mtedza ndi nsomba. Inde, mtedza ndi nsomba, ku Mangochi kuno! Kuno kumene ndiwo ikapanda kukhala usipa ndiye kuti ndi utaka, ikapanda utaka ndiye masamba otendera, ndipo ukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi mphepo yeniyeniyo imanunkhira chambo. Komanso si kuwenga kwa tiziwengo toyabwa pakhosi ayi. Ali ndi zaka 4 analawa phala lothira nsinjiro, supuni ziwiri zokha, milomo inatupa, maso anatsekeka, kupuma kunayamba kulira ngati mluzu. Anathamangira naye kuchipatala usiku, ndipo chomwe chinamupulumutsa ndi jekeseni wa adrenaline. Achemwali pondisiyira anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Piriton ndi wa kuyabwa basi. Ukangomva kuti akubanika, usadikire kuti uone, thamanga."

Bambo a kunyumba nawonso ali ndi chawo. Akamwa tiyi wamkaka mimba imafufuma ngati ng'oma, usiku wonse ulendo wa kuseri. Koma chawocho n'china. Thupi lawo limalephera kugaya shuga wa mumkaka, vuto lomwe akuluakulu ambiri kuno kwathu ali nalo osadziwa. Chambiko pang'ono amamwa osadandaula, poti mkaka ukasasa shugayo amachepa. Iwo akalakwitsa amavutika usiku umodzi. Mwana uja tikalakwitsa ndi nkhani ya moyo. Ndiye pali mlamu wanga amene tikukhala naye chaka chino, iyeyo buledi, mandasi, sikono, chilichonse cha ufa wa tirigu chimam'potokola m'mimba. Anthu atatu, zinthu zinayi, mbaula imodzi.

Za kumsika sindikamba zambiri. Mafuta ndinasiya kugula oyeza m'timachubu, ndimagula a mpendadzuwa a m'botolo lotseka, chifukwa a m'kachubu sungawafunse kuti achokera kuti. Tchipisi cha pachiwaya mwana sakhudza, poti mafuta omwewo mwina akazingira kampango m'mawa. Kuchigayo ndimafunsa kaye mnyamata kuti wagaya chiyani ndisanafike, chifukwa amayi ambiri akamagayitsa ufa wa phala la ana amasakaniza chimanga, soya ndi mtedza, ndipo zotsalira zake zimatuluka ndi ufa wa munthu wotsatira. Mnyamatayo anazolowera, akangondiona amakuwa yekha, "Chimanga chokhachokha lero, mayi!" Tizilembo ting'onoting'ono takuseri kwa mapaketi a bisiketi ndawerenga mpaka maso kuwawa. Zonsezi n'zosavuta. Paketi siikwiya ukaibweza pa shelefu.

Anganga ndi aneba athu, mpanda umodzi. Ndinabwera kuno ndili mkamwini weniweni wosadziwa kanthu, iwo ndi amene anandiphunzitsa kusankha chambo poyang'ana m'makha ndi maso, kusiyanitsa cha ku Malombe ndi cha kunyanja yaikulu, ndi kupereka moni wa Chiyao osachita manyazi. Mwana wanga woyamba anasambitsidwa ndi manja awo. Choncho atamva kuti kwabwera mlendo wosadya nsomba ndi mtedza, anachita zomwe munthu wachikondi amachita. Anapita kudimba, anathyola masamba anthete a chinangwa, anasinja, anaphika nthawi yaitali monga chigwada chimafunira, n'kubwera nacho okha dzuwa lili paliwombo, atafunda mpango wawo woyera.

"Odi kuno! Ndabweretsera mdzukulu wanga wa ku Lilongwe. Usaope mwananga, sindinatendere. Tomato, anyezi ndi mchere basi."

Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndinavundukula. Fungo lake! Mwana anali atafika kale pambali panga akumeza malovu. Ndiye m'mutu mwanga munangobwera chithunzi cha mtondo wa anganga, wakuda uja, wosalala mkati ngati wapakidwa mafuta, umene ndakhala ndikuumva ukulira m'mawa uliwonse zaka zonsezi.

Ndinafunsa. Mulungu akudziwa kuti ndinayesetsa kutsitsa mawu.

"Anganga, pepanitu, mwasinjira mumtondo uti?"

Anandiyang'ana kaye. "Ndili ndi mitondo ingati ine?"

"Ndiye kuti ndi womwe mumasinjira mtedza uja?"

"Ndinautsuka. Kapena ukuganiza kuti ndine wauve?"

Apa ndiye pamene zinathera kukhala za chigwada. Ndinayesa kufotokoza kuti si uve ayi, mtengo umamwa mafuta a mtedza, amalowa m'timing'alu, madzi sachotsa zonse, ndipo chomwe chimawenga mumtedza sichifa ndi moto ngakhale ndiwo ibwate mpaka madzulo. Ndinati kwathu kuno mwanayu ali ndi mthiko wake, poto wake, ngakhale kamtondo kake komwe ndinagula katsopano sabata yatha. Pamene ndimalankhula ndimadzimva ndekha mmene ndikumvekera: kamtsikana kophunzira pang'ono kakuphunzitsa gogo wa zidzukulu khumi ndi ziwiri kutsuka mtondo.

Anganga anakhala pansi pa mkeka, chizindikiro choti nkhani siithera pomwepo.

"Tamvera mwananga. Ine ndalera ana asanu ndi awiri m'mbali mwa Shire muno. Onse phala lawo loyamba linali la nsinjiro. Onse anayamwa mutu wa usipa mano asanamere. Palibe anatupa. Matenda awa mwawatenga kuti? Mumawatsekera ana m'nyumba za mipanda, osagwira dothi, osalawa kanthu, kenako mukuti chakudya chikuwawenga. Muzimupatsa pang'onopang'ono, thupi lizolowere."

Chomwe chikundipweteka mpaka pano n'choti anganga sananame kwenikweni. Achemwali anandiuzapo za kafukufuku amene anachitika ku London, zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Anatsatira makanda oposa 600, ena akupatsidwa zakudya za mtedza adakali aang'ono, ena osapatsidwa mpaka zaka 5. Mwa omwe anayamba msanga, owengedwa anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi enawo. Kunena kwina, phala la nsinjiro lija amayi athu amapatsa mwana akangokwana miyezi 6, azungu anachita kulipeza ndi kafukufuku. Koma zimenezo ndi za khanda lomwe silinayambe kuwengedwa. Mwana amene thupi lake linaphunzira kale kumenyana ndi mtedza, "pang'ono" ameneyo ndi amene angatseke kukhosi. Kumuzoloweretsa kumachitika pamaso pa madokotala, mankhwala ali pafupi, osati pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Ndinafuna kunena zonsezi. Chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Ndi mwana wa eni ake, anganga."

Ndinalakwitsa mawu. Ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Wa eni ake? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, si mmene tinakulerera iwe pano? Lero ndakhala mlendo woti ndingaphe mwana?"

Ananyamuka, anakutumula chitenje, anatuluka osatsanzika bwino. Mbale anaisiya.

Kaya n'kutentha kwa mwezi uno kaya n'chiyani, koma ndinalowa m'khitchini n'kuyamba kulira ngati mwana. Osati chifukwa cha anganga okha. Ndatopa. Sabata imodzi yokha koma ndatopa ndi kukhala mlonda wa pakamwa pa munthu. Mwana akapita kukasewera ndimangoganiza kuti mnzake wina amugawira kamtedza kokazinga ka m'thumba. Dzana kunali sadaka kuseri kwa msikiti, ana onse a m'mudzi anapita kukadya mpunga, ine ndinamutsekera m'nyumba ndi nthochi ziwiri. Ndipo kuno kukana chakudya si nkhani yaing'ono. Ukakana nsima ya munthu ndiye kuti ukumuganizira zoipa, mwina ukumuyesa mfiti. Mawu oti "zimandiwenga" anthu amawamva bwino ukanena chinthu chimodzi, monga amene sadya mlamba kapena nyama ya mbuzi. Ukayamba kutchula mtondo, mthiko, mafuta, chigayo, amati kunyada kwa anthu a m'tauni.

Ndinakumbukanso za chiponde. Osati Chiponde ya kumalire kupitirira Namwera, koma chija cha m'timapaketi chomwe amapatsa ana onyentchera kuchipatala. Chapulumutsa ana ambirimbiri m'boma lino, ndipo muli mtedza, mkaka waufa, shuga ndi mafuta. Ndiye tangoganizani kuuza gogo amene anaona mdzukulu wake akudzuka ndi chiponde kuti mtedza womwewo ungaphe mwana wina. Angakumvetseni bwanji? Kwa iwo mtedza ndi mankhwala.

Chigwada tinadya ine ndi bambo, mwana atapita kukasamba, ngati akuba. Chinali chokoma moti ndinachita manyazi. Bambo anangoti, "Ukanangolandira, n'kuthokoza, n'kubisa. Ankadziwa ndani?" Mwina akunena zoona. Koma mwana anali pomwepo, dzanja lili m'mwamba kale. Komanso mawa akanabweretsa futali, mkuja thelele losinja mumtondo womwewo, ndipo tsiku lina ine kulibe akanamuitana kuti adzadye kwawo, poti "chigwada chija anadya osatupa". Bodza la chakudya limabala ana. Ndinawayankha choncho bambo, iwo n'kuti nanga bwanji osawauza anganga mawu okomawo masana. Anthu aamuna nzeru zimawabwerera mbale ikatha.

Madzulo ndinaphika nsima ya mgaiwa, nandolo wouma wothira tomato, ndi nkhwani. Nkhwaniwo ndinatendera ndi nthanga za maungu: ndimazikazinga pang'ono, kusinja mukamtondo katsopano kaja, kusefa. Sizifika pa nsinjiro, ndisakunamizeni, koma msuzi umagwirana ndipo mwana amanyambita zala. Chitowe ndinachiopa, poti nachonso chimawenga anthu ena ndipo sindikufuna kuyesera zinthu zatsopano pa mwana wosakhala ndi mayi ake pafupi. Za m'mawa ndakonzeratu: zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa chimanga, mafuta atsopano, kuti mlamu adye nawo, tiyi wopanda mkaka, ndi madzi a malambe oti mwana atenge akamakasewera. Ukaziyala chonchi umaona kuti zakudya zilipo zambiri: mbatata, chinangwa, mpunga, khobwe, nyemba, mazira, nkhuku, bonongwe, chisoso. Palibe amene wagona ndi njala m'nyumba muno.

Tikudya, mwana anasiya mbamu m'manja n'kundifunsa, "Mayi aang'ono, agogo aja akwiya chifukwa cha ine?"

Ndinati ayi, akwiya ndi ine. Iye anati kusukulu kwawo anzake anasiya kumuitana ku maphwando a tsiku lobadwa chifukwa amayi awo amaopa. Ananena mopanda kudandaula, ngati akunena kuti kunja kwatentha, kenako anapitiriza kudya. Zaka 8. Amadziwa kale kufunsa kuti "muli chiyani umu?" asanatambasule dzanja, ndipo masana ano anaiwala kamodzi kokha chifukwa chigwada chinanunkhira ndipo gogo anamumwetulira.

Achemwali ndawaimbira, foni sinayankhidwe, mwina ali pa shifiti ya usiku. Ndinalemba uthenga wautali pa WhatsApp kenako ndinafufuta. Ndiwauze chiyani? Kuti mwana ali bwino koma ndataya neba?

Tsopano mbale. Kwathu mbale siibwerera yopanda kanthu. Ndaganiza zoikamo zitumbuwa za mawa, koma angaone ngati ndikuwaonetsa mmene amaphikira anthu aukhondo. Ndaganiza za shuga ndi masamba a tiyi, koma zikukhala ngati ndikulipira mlandu. Maganizo ena akuti ndinyamule kamtondo katsopano kaja, nditenge mwana, tikagogode m'mawa n'kunena kuti, "Anganga, mdzukulu wanu akufuna chigwada chanu, tabwera ndi mtondo wake, mutiphunzitse." Mwina angaseke. Mwinanso angandiuze kuti kamtondo kanga n'koseweretsa ana, ndipo nanga poto, nanga mthiko, ndinyamula khitchini yonse? Ndikawafunsanso za poto ndiye basi, mpanda uja usanduka khoma.

Kuseri kwa mpanda nyali yawo idakayaka. Ndikumva akukhosomola, akukoka mpando. Nthawi ngati ino amakhala atandiitana kale kuti "wagona kodi, mwananga?" Mwana wagona chagada, pakamwa pali yasa, ndalowa kawiri kukamvetsera mmene akupumira ngakhale sanadye kanthu koopsa. Foni yatsala ndi moto pang'ono.