Sabata imene ana anatuluka zidzolo pa sukulu ina ku Mulanje

Ndine mlangizi wa zaumoyo pa chipatala chaching'ono cha kum'mawa kwa Mulanje, kufupi ndi malire a Muloza, ndipo Lolemba lililonse ntchito yanga imayamba ndi kaundula wa odwala. Timakhala pansi ndi adokotala athu n'kuwerenga onse amene anabwera sabata yatha, kenaka timadzaza fomu ya IDSR, ya malipoti a matenda oyenera kulondoleredwa, yopita ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu. Pa fomuyo pali kolera, chikuku, kamwazi, kulumidwa ndi galu woganiziridwa chiwewe, kufooka kwadzidzidzi kwa miyendo kapena manja a mwana wosakwana zaka 15, ndi matenda ena. Pomwe sitinaone wodwala timalemba ziro, pakuti malo osalembedwa sauza aliyense ngati kunalibe matenda kapena ngati ife sitinayang'ane. Lolemba limenelo pa mzere wa chikuku ndinalemba ziro ndi mtima woyera, osadziwa kuti ziro ameneyo anali wolakwika.

Lachiwiri tinali ndi sikelo ya ana m'mudzi wina wa kuseri kwa minda ya tiyi. Mayi wina, pondipatsa buku la kuchipatala la khanda lake, anangotchula kuti mkulu wake wa khandalo, wa Sitandade 2, wagona kunyumba masiku atatu thupi likutentha, maso ali psuu, ndipo watuluka zidzolo kuyambira kuseri kwa makutu. Anawonjeza kuti anzake a m'kalasi ali chimodzimodzi. Titamaliza sikelo ndinapita naye kwawo. Mwanayo anali kutsokomola, chimfine chili chuchuchu, zidzolo zosalala zopanda madzi zitafika kale pachifuwa. Katsabola amatulutsa matuza a madzi, ndipo mphere zimayabwa m'mipata ya zala popanda kutentha thupi kotere. Malamulo a ntchito yathu amati kutentha thupi, zidzolo zotere, pamodzi ndi chifuwa, chimfine kapena kufiira maso, n'zokwanira kuganizira chikuku, ndipo lipoti lake liyenera kupita pasanathe maola 24. Ndinaimbira adokotala ndili pomwepo, iwonso anaimbira ku boma dzuwa lisanalowe.

Tsiku lovuta linali Lachitatu, pamene ndinapita ku sukulu. Ahedi anandilandira bwino, koma nditapempha marejisita a makalasi a ana aang'ono nkhope yawo inasintha. Mu rejisita ya Sitandade 2 munali ana asanu ndi awiri amene anajomba masiku otsatizana, ndipo mphunzitsi wa kalasiyo anavomera kuti anayi mwa iwo anawabweza yekha ataona zidzolo. Nkhaniyi anali ataidziwa kwa sabata yathunthu.

"Alangizi, ife si madokotala," anatero ahedi. "Tinkadikira kuti chipatala chitsimikize kaye, tisachite mantha ndi chinthu chosadziwika. Komanso mukudziwa, mbiri ikamveka makolo amachotsa ana onse, ndipo mayeso ayandikira."

Sindinawadzudzule, chifukwa mantha awo ndimawamvetsa. Tonse tikukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Mphunzitsi akamva mawu oti lipoti, amaona sukulu yake itatsekedwa. Koma ndinawafotokozera kuti dongosolo lonse la malipoti linakonzedwa kuti lilandire kukayikira, osati chitsimikizo. Kutsimikiza ndi ntchito ya labotale, ndipo labotale singayeze magazi amene palibe wawatumiza. Mwana wa chikuku amayamba kupatsira anzake masiku anayi zidzolo zisanaoneke ndipo amapitiriza masiku anayi zitaoneka, kachirombo kake kamatha kukhala mumpweya wa m'chipinda kufikira maola awiri wodwala atatuluka, choncho m'kalasi ya ana okhala pansi mothithikana, mazenera atatsekedwa chifukwa cha chiperoni, sabata imodzi yodikira ndi yaitali kwambiri. Ndinawakumbutsanso za 2010, pamene chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno. Ahedi anakhala chete kanthawi, kenaka anaitana mphunzitsi woona za umoyo ndi zakudya pa sukulupo kuti tilembe naye mndandanda: dzina la mwana, zaka, mudzi, tsiku limene zidzolo zinayamba, ndi ngati analandira katemera.

Madzulo ake gulu lochokera ku boma linafika n'kutenga magazi a ana asanu kuti apite ku Lilongwe. Odwala asanu oganiziridwa m'mwezi umodzi m'dera limodzi amawerengedwa kale ngati mliri woganiziridwa, ndipo atatu akapezeka nacho ku labotale mliriwo umatsimikizika.

Lachinayi ndinayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, anyakwawa atatipatsa mnyamata wotilondolera. Katemera wa chikuku ndi rubella (matenda ena a zidzolo ofanana ndi chikuku) amaperekedwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo chimene ndinachiona m'mabuku a ana ndi chimene ndimachiona nthawi zambiri: woyamba alipo, wachiwiri palibe, chifukwa mwana akayamba kuyenda amayi ambiri amasiya sikelo. Ena mabuku awo anapita ndi madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023, ena anabadwira tsidya la Milange, kwa agogo awo, ndipo mbiri ya katemera wawo ili m'mutu mwa mayi basi. Odwala tinawapatsa vitamini A, aliyense kamodzi tsiku lomwelo ndi kachiwiri mawa lake, ndipo tinapempha makolo kuti asawatumize ku sukulu, ku tchalitchi kapena ku msika wa Limbuli kufikira masiku anayi atadutsa chiyambireni zidzolo. Mwana mmodzi amene anali kupuma mobanika tinamutumiza ku chipatala msanga, pakuti chibayo ndicho chimapha ana ambiri a chikuku.

Nafenso ku chipatala tinali ndi chokonza. Mwana wa zidzolo akakhala pa benchi limodzi ndi makanda osakwana miyezi 9, amene sanafike pa katemera, chipatala chimasanduka gwero la matenda. Tinaika benchi lina pakhonde popita mphepo, ndipo tinauza mlonda ndi wolembera odwala kuti aliyense wotentha thupi wokhala ndi zidzolo apite kumeneko ndi kuonedwa msanga.

Lachisanu ndinabwerera ku sukulu kukayankhula ndi aphunzitsi onse ndi a gulu la amayi. Popeza ndinali pomwepo, tinayenderanso zimbudzi ndi malo ophikira phala. Mpondagiya wa pa chimbudzi cha atsikana analibe madzi, ndipo makapu a phala ankatsukidwa onse m'beseni limodzi. Izi sizikhudzana kwenikweni ndi chikuku, chimene chimayenda mumpweya, koma mvula ikayamba ndi njira ya kolera ndi taifodi, choncho ndinawasiyira kolorini wosungunula kale wothira m'madzi akumwa. Tinagwirizana kuti ana atatu a kalasi imodzi akajomba ndi zizindikiro zofanana, mphunzitsi anditumizire uthenga tsiku lomwelo, ngakhale asakudziwa dzina la matendawo, ndipo ahedi adziwitsenso mlangizi wa maphunziro wa zoni yawo.

Zotsatira za magazi zinali zisanabwere pamene ndinkaweruka. Ndili panjira, njinga ndikukankha pa chitunda, foni inalira. Unali uthenga wa ahedi, wokhala ndi mayina a ana awiri a Sitandade 1 ndi midzi yawo, ndi mawu akuti sakudziwa ngati n'chikuku koma aganiza zondiuza. Ndinatembenuza njinga kulowera ku mudzi wapafupi mwa iwiriyo.