Zaka 10 za pulogalamu yathu: ng'ombe, magetsi ndi kope la Amayi a ku Balaka

Chaka chino cha 2025 pulogalamu yathu yowerengera katundu ndi malonda m'mashopu yakwanitsa zaka 10 ili pa makauntala a anthu. Ndinayamba kuilemba mu 2015 m'kachipinda ka lendi ku Ndirande, pa laputopu ya kaunjika yomwe batire lake linali litafa kalekale, moti magetsi akathima, nayonso inkathima. Lero tilipo anthu asanu, tili ndi kaofesi kathu ku Limbe, ndipo malisiti otuluka m'pulogalamu yathu mungawapeze m'magolosale, m'mafamase ndi m'mashopu a zipangizo zomangira kuchokera ku Nsanje mpaka ku Mzuzu. Anzanga a mu ofesi akuti ndilembe zachisangalalo zokhazokha. Ndilemba ndithu, koma aliyense amene akuganiza zotipatsa shopu yake adziwenso pamene tinagwera, chifukwa chomwe tikugulitsa lero chinabadwira pamenepo.

Kusukulu tinkalemba code, malamulo omwe amapanga pulogalamu, pa makompyuta ofanana, oyera, okhala m'chipinda chozizira. Kushopu n'kwina. Kompyuta ya kushopu inabwera pa kontena itagwira kale ntchito zaka zambiri kunja, ina ili ndi Windows XP, ina Windows 7, ina ndi ya 32-bit pomwe iwe wamanga pulogalamu ya 64-bit. Ili pansi pa kauntala pafupi ndi thumba la ufa, mkati mwake mphemvu zinamanga mudzi, ndipo mnyamata wa pa till amabayamo fulashi ya nyimbo yodzaza ndi mavairasi. Pulogalamu yoyenda bwino pa laputopu yanga inkakana kutseguka kumeneko, kaya chifukwa .NET Framework, chida cha Microsoft chomwe pulogalamuyo imayendera, palibe, kaya chifukwa ndinkasunga mafayilo mu Program Files momwe Windows salola munthu wamba kulembamo. Mu ofesi mwathu muli mawu oletsedwa: "Koma kwa ine ikugwira." Woyankhula mawu amenewa amagulira aliyense mandazi.

Kasitomala wanga woyamba anali wa butchala ku Bangwe, ndipo anandichititsa manyazi tsiku loyamba lomwe. Tinalowetsa nkhuku, zinatheka. Mbuzi, zinatheka. Atangolemba kuti "nyama ya ng'ombe", pulogalamu inalavula uthenga wachingerezi n'kutsekeka. Tinayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Bamboyo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, makina anuwa ndi osala ng'ombe?"

Vuto linali kachizindikiro kali pakati pa ng ndi ombe. M'chiyankhulo cha SQL chomwe pulogalamu imalankhulira ndi database, nkhokwe yomwe imasungamo mbiri yonse ya shopu, kachizindikiro kameneka kamatanthauza kuti mawu athera pomwepo. Ine ndinkangolumikiza zomwe munthu walemba ku lamulo lopita ku database osazitchinjiriza, choncho database inkawerenga "nyama ya ng" n'kusokonezeka ndi "ombe" wotsalayo. Mabuku omwe ndinaphunzira ankachenjeza za bowo limeneli ngati khomo la akuba a pa intaneti, ine n'kumati akuba otere adzafuna chiyani ku Bangwe. Sindinaganize kuti Chichewa chathu chomwe, chokhala ndi ng'oma, ng'anjo ndi m'mawa, chidzalowera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo mawu aliwonse amapita ku database kudzera m'ma parameter, njira yolekanitsa zomwe munthu walemba ndi lamulolo, ndipo pulogalamu yatsopano iliyonse timayamba kuiyesa ndi ng'ombe. Chilembo cha ŵ nachonso chinativutitsapo pa timapulinta ta malisiti, chinkatuluka ngati kachizindikiro kofunsa, koma imeneyo inali nkhani ya masana amodzi.

Zina zinkabwera pang'onopang'ono. Kompyuta yochunidwa mwa Chimereka imayamba ndi mwezi polemba deti, ndiye 03/04 yomwe ife timati 3 April iyo imati 4 March, malonda a mwezi uno n'kukapezeka m'lipoti la mwezi watha. Kompyuta yakale kabatire kake kozungulira ka CR2032 kakatha, imaiwala deti nthawi iliyonse ikazimitsidwa, n'kuyamba kulemba malisiti a chaka chomwe shopuyo inali isanatsegulidwe. Panalinso nkhani ya matambala. Kompyuta ikaphatikiza 0.1 ndi 0.2 mwa njira yake ya masiku onse imapeza 0.30000000000000004, ndipo ukaika msonkho wa VAT pa malisiti zikwizikwi, tizidutswa timeneti timakula mpaka wowerengera ndalama n'kuyamba kukayikira mtsikana wa pa till. Pano ndalama zonse timazisunga ngati matambala athunthu, kwacha imodzi kukhala 100, ndipo pulogalamu imakana kugulitsa ikaona kuti deti labwerera m'mbuyo.

Zonsezi zinali zopunthwitsa chabe. Kugwa kwenikweni kunabwera mu 2017.

Mukukumbukira mmene magetsi ankathimira chaka chimenecho ndi cha 2016, madzi atatsika m'nyanja ya Malawi ndi mumtsinje wa Shire momwe muli makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndinali ndi kasitomala ku Balaka, mayi wachikulire wa shopu ya holoselo, amene ankapereka katundu pa ngongole kwa eni timaokala ta m'midzi yozungulira. Shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere, amatenga lero n'kudzalipira akagulitsa. Kwa zaka zambiri ngongole zimenezi ankazilemba m'kope lalikulu lachikuto cholimba. Ine ndi amene ndinawauza, monyadira, kuti kope lija alipumitse.

M'shopumo munali makompyuta awiri olemba mu fayilo imodzi ya database kudzera pa waya wa netiweki. Loweruka lina madzulo magetsi anathima pomwe makompyuta onse awiri anali mkati molemba, fayilo ija n'kuwonongeka. Izi zokha sizikanatipha, chifukwa ndinali nditaika backup, fayilo yachiwiri yoti nkubwererako yoyamba ikawonongeka. Koma backup yangayo inali yopusa. Pulogalamu ikamatsekedwa inkakopera database n'kuiika pamwamba pa backup ya dzulo, pa disiki yomweyo. Magetsi atayaka, mnyamata wa pa till anatsegula pulogalamu, anaona kuti ikuonetsa zachilendo, anaitseka. Potseka paja, fayilo yowonongeka inafufuta yabwino. Palibe chomwe mnyamatayo analakwa. Code imene inachita zimenezi ndinailemba ndine, ndi manja angawa.

Ndinakwera minibasi Lamulungu m'mamawa. Ndinawapeza Amayi aja atakhala pa kreti ya zakumwa, kope lakale lili pamiyendo, tsamba lomaliza lolembedwa miyezi isanu yapitayo. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Mwana wanga, unati ndisiye kope. Ndinasiya. Tsono anthu angawa ali kuti?"

"Amayi, pepani. Kulakwa ndi kwanga, si kwa magetsi ayi. Ndipatseni masiku, sindichoka mpaka tiwapeze."

"Masiku ndikupatsa. Koma amene adye ndalama zanga sadikira masiku."

Ananena zoona. Mwayi wake, ankasunga makope a malisiti m'makatoni a sopo. Ndinagona kuseri kwa shopuyo masiku 9, usana kulowetsa lisiti limodzilimodzi, usiku kuyesa kusolola zomwe zikanasololeka mu fayilo yowonongekayo. Malisiti a pulinta yotentha amafufutika akakhalitsa, ndiye ena anali mapepala oyera basi. Angongole ambiri anabwera okha kudzanena zomwe anatenga, ndipo anthu amenewo ndimawalemekeza mpaka lero. Ena atamva kuti kompyuta yaiwala, nawonso anaiwala. Ndalama zomwe Amayi anataya sindizitchula pano, koma zinali zoposa zomwe ndinapeza chaka chonsecho. Mbiri inafika ku Liwonde ndi ku Ntcheu ine ndisanabwerere ku Blantyre, ndipo mashopu atatu anandiimbira kuti ndikachotse pulogalamu yanga.

Ndinafuna kusiya. Mchimwene wanga anali atandipezera kale malo pa kampani ina yokonza makompyuta. Chomwe chinandigwira n'chakuti Amayi aja sanandichotse. Anati, "Wathyola ndiwe, ukonze ndiwe. Ndikaitana wina adzayambanso kuphunzirira pa ine."

Kuti ndilembenso pulogalamu yonse ndinkafunika miyezi ingapo yosathamangira makasitomala, komanso ma UPS, mabatire oyendetsa kompyuta kwa kanthawi magetsi akathima, oti ndiike m'mashopu omwe anatsala. Ndinapita ku mabanki awiri ndi bungwe lina lobwereketsa ndalama lomwe pa zikwangwani zake limati limakweza achinyamata. Konseko funso linali limodzi: chikole. Ndikati chuma changa ndi code, ankandiyang'ana ngati ndanena kuti ndili ndi munda kumwezi. Bwana wina anandilangiza mwachifundo kuti ndiyambe kuweta nkhuku, iwo aone makola. Bungwe lomwelo chaka chatha linatumiza munthu kudzafunsa ngati tingalole chithunzi chathu chikhale pa kalendala yawo. Tinamupatsa tiyi.

Ndalama zinachokera ku banki m'khonde ya amayi a kumpingo komwe mkazi wanga amasonkha. Sanafunse kuti database n'chiyani. Anafunsa kuti ndidzabweza liti, ndipo ndinabweza pa tsiku lake.

Pulogalamu yachiwiriyo ndinaimanga poganiza kuti magetsi athima mphindi ino. Kugulitsa kumodzi kumakhudza malo angapo, kuchotsa katundu mu sitoko, kulemba ndalama, kuwonjezera ngongole, ndipo tsopano zonsezi zimalowa limodzi kapena sizilowa n'komwe, palibe zotsala theka. Shopu ya kompyuta imodzi timaiikira database yotchedwa SQLite, yomwe imayamba yalemba pambali zomwe ikufuna kusintha, kotero magetsi akabwerera imadziwa pobwerera. Shopu ya ma till angapo sitilolanso kuti azilimbirana fayilo imodzi, kompyuta imodzi imasunga database yotchedwa PostgreSQL, enawo amapempha kwa iyo. Backup ili ndi deti lakelake, sifufuta inzake, imayesedwa kaye ngati ili yamoyo isanasungidwe, ndipo imapita malo awiri, pa fulashi yokhala m'thumba la mwini shopu komanso pa intaneti tsiku lomwe bandulo ilipo. Pulogalamu yeniyeniyo sifuna intaneti kuti igulitse. Anzathu ena amatiseka kuti dziko lonse linasamukira pa browser, kutsegula pulogalamu kudzera pa intaneti, ife tikadali pa desktop, kuiika m'kompyuta momwemo. Apite akagulitse shuga pa browser kumalo komwe netiweki imagwira ukakwera pachulu.

Mayeso ake anafika mu January 2022, namondwe Ana atawononga damu la ku Kapichira. Magetsi anavuta kwa nthawi yopitirira chaka, kuthima kangapo pa tsiku, majenereta kuyaka ndi kuzima. Foni yanga ndinkagona nayo pamtsamiro, mtima uli m'mwamba. Anthu ankaimba za mapulinta, za ma UPS otha mphamvu, za lipoti la pachaka lomwe linkaumitsa sikirini mpaka Windows kulemba kuti Not Responding, lomwe tinalikonza poliika kuti lizidziwerengera kumbali munthu akupitiriza kugulitsa. Koma palibe shopu ngakhale imodzi yomwe inataya mbiri ya malonda kapena ya ngongole. Pa zonse za zaka 10 zimenezi, chomwe ndimanyadira kwambiri n'chimenechi.

Sindikunena kuti zonse zili myaa. Satifiketi yosainira pulogalamu, yomwe imathandiza kuti Windows ndi ma antivirus asamaione ngati mlendo wokayikitsa, imagulidwa ndi madola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake unatiluma, osanenanso za kusowa kwa madolawo. Ndipo kwa bambo amene munatigulitsa ma UPS khumi olembedwa kuti atsopano koma muli mabatire otopa, n'kusiya kuyankha foni, dziwani kuti makasitomala athu amatifunsa kogula zipangizo sabata iliyonse, ndipo timawayankha.

Zikomo kwa Mulungu amene watisunga m'misewu yonseyi. Zikomo kwa mkazi wanga, amene anadyetsa banja ndi malipiro a uphunzitsi miyezi yomwe ine ndinkangoyang'ana sikirini, osandifunsa ngakhale kamodzi kuti za nkhuku zija bwanji. Zikomo amayi a banki m'khonde, munakhulupirira chinthu chomwe simunachione. Mchimwene wanga, malo aja sindinawatenge koma sindinaiwale. Bambo wa butchala, amene mpaka lero mukandiona mumafunsa ngati makina anayamba kudya ng'ombe. Anzanga anayi a mu ofesi, makamaka mtsikana wathu woyesa mapulogalamu amene ntchito yake ndi kuthyola zomwe ife tamanga, ndipo amaikonda mopitirira muyeso. Anyamata ndi atsikana a pa till amene mumatiimbira kutiuza kuti batani ili lili pamalo olakwika, inu ndi amene munaikonza pulogalamuyi kuposa ife. Madalaivala a minibasi amene mwatinyamulira mapulinta, ndi akabaza amene mwatifikitsa kumashopu komwe galimoto sifika nthawi ya dzinja. Ndipo Amayi a ku Balaka, amene mukadali kasitomala wathu, osalipira kalikonse kuyambira 2017 ndipo simudzalipiranso. Kope lija analibwezeretsa pa kauntala, amalembamo madzulo aliwonse, ndipo ine sindinayerekezenso kuwaletsa.

Tsono kwa inu eni mashopu. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo Windows 10 nayo yasiyidwa pa 14 October 2025. Kompyuta yanu siizima chifukwa cha zimenezi, koma musathamangire kugula yatsopano kapena kulola aliyense kuifufuta musanadziwe komwe mbiri ya shopu yanu ikukhala. Pokondwerera zaka 10, mpaka kumapeto kwa December 2025 tikuyendera shopu iliyonse yotiitana n'kuiona kompyuta ulere, kaya mumagwiritsa ntchito pulogalamu yathu kaya ya wina. Tidzatenga backup yanu n'kuyesa kuitsegula inu mukuona. Amene mukufuna kuyesa yathu, tikuikirani mwezi wathunthu osalipira, tikuphunzitsani antchito anu m'Chichewa, ndipo katundu wa m'kope kapena mu Excel tilowetsa tokha. Imasindikiza pa pulinta ya 58mm ndi ya 80mm, imachenjeza mankhwala akayandikira kutha mphamvu, imakuuzani amene ali ndi ngongole yanu ndi tsiku lomwe anatenga.

Tilembereni uthenga kapena mutipeze ku Limbe. Tikabwera kudzakuonetsani, tidzayamba kugulitsa thumba la shuga, ndipo lisiti lisanatuluke tidzakupemphani kuti muzule pulagi kukhoma ndi dzanja lanu.