Tsiku limene bafa linanditsekera ngati mkaidi

Chitseko cha kubafa kwathu ku Area 25 chinayamba matama mvula itangoyamba mu Disembala. Ukachikankha, kalilime ka loko kankakana kulowa m'bowo mwake. Ukachimenya ndi phewa kankalowa, koma potuluka unkachita kunyengerera handulo ngati mwana wokana phala. Mayi akunyumba anati tiitane kalipentala wa ku Mchesi. Ine ndinakanitsitsa. Ya minibasi, ya ntchito, kenako "ya madzi", zonsezo chifukwa cha kachitsulo kosaposa chala?

Mankhwala anga oyamba anali mafuta ophikira, supuni yathunthu. Masiku awiri handulo inafewa, ndinayenda modzitukumula. Kenako fumbi linakakamira m'mafutamo n'kusanduka phala lakuda, nyerere nazo zinaima pamzere ngati pa chigayo. Ndinadzamva mochedwa kuti m'loko mumafunika zouma, monga ufa wopala ku nsonga ya pensulo.

Loweruka m'mawa, mayi atapita kumsika wa Nsungwi, ndinavula malaya kuti ndigwire ntchito ngati mwamuna. Ndinamasula mahandulo onse awiri, kusolola kachitsulo ka ngodya zinayi kodutsa pakati kaja, n'kuyala zonse bwinobwino pansi mukolido. Ndiye ndinalowa m'bafa kuti ndisuzumire bowo la pafelemu.

Mphepo yotsogolera mvula inalowa pazenera. Phaa! Chitseko chimene chinakana kutsekeka milungu itatu, tsikulo chinatsekeka mwaulemu, kalilime kulowa kuti kete.

Sikuludiraiva kunja. Foni kunja. Malaya kunja. Ndinayesa kupotokola ndi mswachi, unathyoka, ndipo sunali wanga. Pazenera pali mabagala omwe ndinakakamiza ndekha alandilodi kuti aike. Ndinakhala pachidebe n'kumawerenga matailosi.

"Odi! Odi kuno!"

Mtima unangoti myuu. Apongozi aakazi, ochokera ku Dedza, omwe tinkawayembekeza Lolemba. Munthu amene chikwatirire sindinadyepo naye mbale imodzi.

"Lowani amayi, n'kosakhoma," ndinayankha ndi mawu a kutchalitchi.

Ndinamva thumba la mbatata likutsitsidwa, kenako mapazi akuyandikira. Anakhala pansi kuseri kwa chitseko, n'kuomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji apongozi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi? Kumudzi mwasiyako bwanji?"

Funso limenelo ndilo linandipha. Anandifotokozera za feteleza, za mbuzi yomwe inadya chimanga cha eni ake, za maliro awiri ndi chinkhoswe chimodzi. Ine ndili pachidebe, "Pepani, pepani," "Zikomo, zikomo." Atamaliza anafunsa motsitsa mawu: "Kodi ndi m'mimba?"

Ndinaulula.

Sanaseke, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka. Analowetsa kachitsulo kaja, kuvekapo handulo, kupotokola. Chitseko chinakana. Ndiye anachinyamulira m'mwamba pang'ono, chinatseguka ngati sichinalakwepo. Ndinatuluka nditafunda thaulo la mwana, maso pansi, iwonso maso kukhoma.

"Loko alibe mlandu uyu, chitseko chagwa," anatero akulankhula ndi khomalo. Anandituma khala kumbaula. Anapaka pa kalilime, kutseka, kutsegula. Chizindikiro chakuda chinaoneka m'munsi mwa bowo, kalilime kakugunda chitsulo cha pafelemu. Analoza hinjesi ya pamwamba: masikuluu awiri ankangozungulira, mabowo atakula. Thabwa likamwa chinyontho limatupa, ife n'kumalimenya ndi mapewa, hinjesi n'kumalekerera, mbali ya loko n'kutsika.

"Machesi muli nawo? Malemu apongozi anu ankatero."

Ndinathyola mitu ya timitengo ta machesi, kutsindira m'mabowomo, n'kumanganso masikuluu iwo atagwira chitseko. Pamene chinkakhula felemu tinapakapo kandulo. Kutseka: kete. Kutsegula: kete. Tupa amene ndinagula ku Malangalanga kuti ndikuze bowo akadali m'pepala lake.

Mayi akunyumba anafika ine ndikusesa, anthu awiriwo analowa kukhitchini, ndipo kuseka komwe kunamveka kumeneko sikunali kwa mbuzi ija. Mswachi ndinagula wina madzulo omwewo.

Mpaka lero akaimba foni kuchokera ku Dedza, akapereka moni kwa mwana wawo ndi adzukulu, amafunsa mwaulemu wonse: "Nanga apongozi, ali kunja kapena ali mkati?"